Kavalo Amene Anaperekeza Nachisale

Sunthirani kuno inu akumbuyoko, chifukwa nkhani iyi sindiinena mokweza, ndiponso sindiibwereza.

Mumzinda uja muli paki ina yakalekale, ya mitengo ya jakaranda ndi mabenchi a simenti ong'aluka. Pakati pake pali chipilala chachitali kuposa nyumba, ndipo pamwamba pa chipilalacho pali kavalo wamkuwa, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'malere, pamsana pake patakhala mzungu wa ndevu zapamlomo. Dzina la mzunguyo linalembedwa pachitsulo, koma ndani ali ndi nthawi yopotokola lilime? Anthu amangoti Bwana Chikoti. Anali jenerale pa nkhondo ya Chiwaya, yoyamba ija ya dziko lonse, ndipo amene anamumangira chipilalacho ankati inali ngwazi. Amene anasenza katundu wake pankhondopo sanafunsidwe maganizo.

Lufeyo Mdzeka anasesa pakiyo zaka makumi awiri ndi zitatu. M'mawa uliwonse ankasesa masamba kuzungulira chipilala, ndipo mwezi wa Novembala ukamayandikira ankakwera makwerero n'kusambitsa kavalo uja ndi sopo, kuti asilikali akabwera ndi nkhata za maluwa apeze akunyezimira. Anali munthu wofatsa mopitirira muyezo, wa "inde bwana" ngakhale amuponde chala. Tsiku lina m'mawa, dzuwa la Okutobala lisanayambe n'komwe kuwotcha, anzake anamupeza atagona chafufumimba patsinde pa chipilala, tsache lili m'manja, thupi litazizira kale.

Maliro anapita kwawo kwa Chimkoka. Galimoto inanyamula bokosi kuchokera kuchipatala, anthu analira, anaika, anametana, basi. M'chipwirikiti chonsecho palibe anakumbuka kuti munthuyo sanafere kuchipatala, komanso kuti pamalo pamene anagwera palibe anapitapo kukamuuza kuti tiyeni kwathu.

Mkazi wake, Nachisale, anatsala kumudziko ndi ana ake awiri, Yotamu ndi Layisoni, amuna aakuluakulu a mabanja awo. Patatha milungu itatu anayamba kulota. Maloto ake anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku: mwamuna wake ataima padzuwa, dzanja lili m'mwamba atagwira chingwe cha pakamwa pa kavalo, milomo itauma gwa.

"Mayi a Yotamu," ankatero m'malotomo, "dzanja latopa. Sakundiwerutsa."

Akadzuka ankapeza dzanja lake lomwe likuwawa kuyambira paphewa. Anapirira mlungu wathunthu, kenako anapita kwa a Kamtedza, mkulu wake wa malemuyo, telala wa mwendo wopuwala amene ankasoka pakhonde la golosale. A Kamtedza atamva anasiya kupalasa makina, n'kuvula magalasi awo omangidwa ndi ulusi.

"Talakwa ndife, alamu," anatero. "Tinaika thupi, mwini wake tinamusiya kutauni. Pafunika munthu akamutenge."

"Apite Yotamu nanga, ndiye wamkulu."

"Yotamu walota? Layisoni walota? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Mng'ono wanga waitana inu, ndipo sangatsate wina."

Madzulo a tsiku lomwelo a Kamtedza anathyola nthambi ya msolo, yaitali ngati mkono, n'kumupatsa pamodzi ndi malamulo ake. Akafike pamene malemuyo anagwera, aike nthambiyo pansi, amutchule dzina katatu, amuuze kuti akupita kwawo. Akangoinyamula, pakamwa patsekeke. Asalankhule ndi wina aliyense, wamoyo kapena wotani, kupatula iye amene wamunyamulayo. Asacheuke. Pa mtsinje uliwonse amuuze kuti tikuwoloka. Akafike mpaka kumanda n'kuigoneka pamtumbira, pamenepo ndiye angathe kulankhula ndi kutembenuka mmene angafunire. Anamulembera ndi kapepala ka dzina la siteji yakwawo, koti akangoonetsa kondakitala.

"Mvetsetsani ichi, alamu," anawonjeza a Kamtedza. "Mzimu saitana kawiri. Mukacheuka kapena kuyankha munthu, wabwerera kumene anali, ndipo ulendo wachiwiri kulibe."

Nachisale anakwera minibasi yoyamba tambala atangolira, ndipo anafika mupaki dzuwa litakwera ndithu. Pageti anakumana ndi a Mphonde, mkulu wochepa thupi amene anasesa limodzi ndi Lufeyo zaka zambiri. A Mphonde ataona nthambi ya msolo ija sanafunse zambiri. Anavula chipewa, n'kupepesa maliro, n'kumutsogolera.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," anatero akuyenda. "Ife kuno mtendere tilibe. Tsache la amuna anu tinalitsekera m'stolo, koma m'mawa uliwonse timalipeza kunja. Dzana tinalipeza pamwamba penipeni, litatsamira mwendo wa kavalo, pamene makwerero ali okhomedwa ndi loko. Ndipo taonani pansipa."

Nachisale anayang'ana. Kuzungulira chipilala chonse dothi linali losesedwa bwino, mizere ya tsache itapita uku ndi uku ngati minga ya nsomba. Anaidziwa mizereyo. Ndi mmene mwamuna wake ankasesera pakhomo pawo Lamulungu lililonse, iye akumuseka kuti bambo inu, bwalo si nsalu yoti mupete.

"Ife sitinasesepo pano chimwalirire iwo," anatero a Mphonde motsitsa mawu.

Anazindikiranso kanthu kena. Mupaki monse munali phokoso, ana asukulu, ogulitsa tchipisi, akhwangwala akulimbirana zotsala. Koma pa kavalo paja panalibe mbalame ngakhale imodzi, ngakhale chitosi chake. Ndipo a Mphonde, nthawi yonse imene ankalankhula, anali atafulatira chipilalacho. Anamulozera malo ndi chala cha kumbuyo, n'kupita kukaima patali pansi pa jakaranda.

Nachisale anagwada, n'kuika nthambi ija pansi. Zaka makumi atatu za ukwati anali asanatchulepo dzina la mwamuna wake, moti linatuluka movuta, ngati mawu a chilankhulo china.

"Lufeyo. Lufeyo. Lufeyo Mdzeka. Ndine mayi a Yotamu. Ndabwera kudzakutengani. Ntchito yatha, tiyeni kwathu."

Kunalibe mphepo, koma masamba a msolo aja anagwedezeka. Nachisale analengeza misozi. Anatambasula dzanja kuti anyamule, kenako analibweza.

Pajatu Nachisale analeredwa ndi anthu. Chibadwire anali asanachokepo pakhomo pa munthu osatsanzika, ndipo kutenga chinthu pabwalo la eni, eni ake akuyang'ana, iwe n'kungonyamuka ngati galu waba fupa, kwa iye chinali chipongwe chosaneneka. Mwamuna wake anatumikira mzunguyu zaka zonsezi. Nthambi anali asanainyamule, ndiye lamulo linali lisanayambe. Choncho anatembenukira kwa kavalo uja ali chigwadire, maso pansi, n'kuwomba m'manja katatu mwaulemu.

"Bwana, ndabwera kudzatenga wantchito wanu. Wakutumikirani mokwanira. Ife tapita, tsalani bwino."

Atatero ananyamula nthambi n'kuimirira. Inali yolemera kuposa mmene inabwerera, yolemera ngati khasu, ndiponso yofunda. Anamwetulira yekha n'kuyamba kuyenda kulunjika kugeti.

A Mphonde anabwera chothamanga, nkhope itatuwa.

"Mayi inu! Mwatani pamenepaja? Mwatsanzika?"

Nachisale anangoyang'ana kutsogolo, milomo ili chitsekere.

"Mayo ine, ndikanakuuzani! Ndimayesa aliyense amadziwa. Ife pano sitipereka moni, sititsanzika. Timaweruka chozemba ngati akuba, zaka zonsezi. Wotsanzika amaperekezedwa, mayi! Ndipo inu mukudziwa, woperekeza sabwerera yekha. Amayenda nawe mpaka iwe mlendo utembenuke, umuuze kuti zikomo, bwererani pano."

Ankayenda chammbali mwake, akupuma mofulumira.

"Agogo anga ankasimba za ameneyu. Mudzi umene kavalo wake wapondamo, amuna onse ankasenza katundu n'kumutsata, kumudzi n'kutsala amayi ndi nkhuku. Kwathu anatenga amtengatenga khumi ndi awiri, anabwerako awiri. Musapite naye kumudzi, mayi, chonde. Tembenukani pompano mumubweze."

Kutembenuka? Nthambi ili yofunda chonchi m'manja? Nachisale anaifumbata pachifuwa n'kuwonjeza liwiro. Mumtima ankati mkuluyu wakalamba ndi mantha, chitsulo sichiyenda. A Mphonde anatsalira pageti, ndipo iye anamva akunong'ona pemphero.

Anali atayenda mapazi ngati makumi awiri mumsewu pamene anamva kumbuyo kwake, mkati mwa paki, kulira kwa chitsulo pa simenti. Ngwe! Kamodzi kokha, ngati munthu wagwetsa nyundo kuchokera padenga. Akhwangwala onse anauluka nthawi imodzi. Kenako kunali zii pang'ono, kenakonso ngwe, ngwe, ngwe, ngwe, mosafulumira.

Anthu mumsewu ankangopitirira ndi zawo. Mayi wina ankatsatsa nthochi, mnyamata wina ankakangana ndi mnzake za mpira. Palibe anaima, palibe analoza. Koma galu amene anagona pansi pa benchi anadzuka, n'kupinda mchira, n'kulowa mu ngalande.

Kudepoti kondakitala anamulandira ndi chipongwe chawo chija.

"Mukupita kuti, mami? Simulankhula? Kapena mwakwiya ndi adadi?"

Nachisale anamuonetsa kapepala kaja. Mayi wina wonenepa amene anali kale m'minibasimo anaona nthambi ija n'kumumenya kondakitala paphewa.

"Iwe, khala chete. Suona kuti wanyamula munthu? Mpatse malo kutsogoloko, usamuyankhulitse."

Kondakitala anamutsekulira Nachisale chitseko ndi manja awiri.

Ananyamuka masana. Poyamba zonse zinali monga mwa masiku onse, wailesi ikulira, anthu akudandaula kuthithikana, dalaivala akutukwana anjinga. Injini inkalira kwambiri moti Nachisale sankamva china, ndipo anayamba kudziseka kuti mantha a a Mphonde amupatsira ngati chimfine. Atafika pa mlatho woyamba anaweramira nthambi ija.

"Bambo a Yotamu, tikuwoloka mtsinje."

Masamba anagwedezeka pamiyendo pake. Anamva kukoma mumtima kumene anali asanakumve chimwalirire mwamuna wake. Koma galimoto itangotsika pamlatho, pansi pa phokoso la injini, anamva matabwa ndi zitsulo za mlathowo zikulira kumbuyo, ngwe-ngwe, ngwe-ngwe, mwa liwiro tsopano.

Wailesi inayamba kukhosomola n'kuzima. Dalaivala anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo kamodzi, n'kuyang'ananso, kenako anatambasula dzanja n'kulipinda kuti liloze pansi. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Nachisale anakhazika maso pamaondo ake, poopa kuti galasi nalonso n'kucheuka.

Pang'ono ndi pang'ono mawu a amuna anatha m'galimotomo. Anatsala ndi amayi okha, nawonso anayamba kutsitsa mawu.

"Bambo awa atani kodi?" anafunsa mayi wonenepa uja. "Taonani mmene awumitsira khosi. Achimwene! Achimwene, mukudwala?"

Kondakitala, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anasiya kuitanira. Masiteji atatu anawadutsa osaima, anthu akubayibitsa m'mbali mwa msewu. M'galimoto monse munadzaza fungo la chitsulo chotentha ndi dzuwa, losakanikirana ndi fungo la thukuta la chiweto.

Apa Nachisale anadziwa kuti a Mphonde sananame. Anaganiza nzeru. Lamulo linkamulola kulankhula ndi mwamuna wake, ndiye anaweramanso.

"Bambo a Yotamu, mukumva zimene zili kumbuyoku? Auzeni abwana anu abwerere. Auzeni inuyo, ine sindingathe."

Nthambi inanjenjemera yonse, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, osaleka. Nachisale anapukusa mutu. Munthu amene ali moyo sanauzepo kapitawo kuti tsache latha, angauze jenerale kuti bwerera? Imfa siisintha munthu khalidwe. Komanso amene anatsanzika anali Nachisale mwini, ndiye wobweza anayenera kukhala iye yemwe.

Anadzilimbitsa mtima ndi ganizo limodzi. Akangofika kumanda n'kugoneka nthambi pamtumbira, pakamwa patseguka, atembenuka n'kumubweza mlendo woipayo ndi ulemu wonse. Chofunika n'kufika basi. Amuna a m'galimotowa angowuma makosi, palibe wafa.

Minibasi inaima pasiteji yakwawo popanda wina kuiimitsa. Nachisale anatsika. Kuchokera pamenepo kukafika kwa Chimkoka ndi ulendo wa maola awiri wapansi, njira yafumbi yodutsa m'minda. Anyamata a kabaza amene amadikira pansi pa mtengo wa mango anamuthamangira ndi njinga zawo.

"Mayi, tiyeni! Yanga ili ndi khushoni! Mayi, kuno!"

Anawadutsa maso ali kutsogolo. Mawu awo anaduka pakati, onse nthawi imodzi, ngati wina watseka chitseko. Kenako anamva njinga zikugwa, imodzi, ina, inanso, mabelu akulira pogunda pansi. Ziboda za kavalo uja zinali zitasiya kulira ngati chitsulo, pafumbi zinkangoti di, di, di, nthaka n'kumanjenjemera pang'ono pansi pa mapazi ake. Ndipo kumbuyo kwa zibodazo kunayamba kumveka mapazi a anthu.

Anayenda. Dzuwa linayamba kupendeka, ndipo linali kumbuyo kwake, moti chithunzithunzi chake chinkagwa kutsogolo. Patapita nthawi anaona kuti pambali pa chithunzithunzi chakecho pakubwera china, chachitali, chimene mutu wake unkafika patali m'njiramo. Anakweza maso n'kumayang'ana mapiri.

Kutsogolo kunkabwera bambo wina atasenza thumba la makala, mkazi wake akumutsata ndi mwana kumbuyo. Atayandikira, bamboyo anapatuka kuti apereke njira, n'kutsegula pakamwa kuti apereke moni. Moniyo sanatuluke. Maso ake anakwera m'mwamba, pamwamba pa mutu wa Nachisale, n'kuzima ngati nyali yatha mafuta. Nachisale anadutsa. Anamva thumba likukhudza udzu potembenuka.

"Bambo a Dofa, mukupita kuti?" anakuwa mkaziyo. "Kwathu ndi uku! Bambo a Dofa! Mwapenga kodi?"

Mawu a mayiyo anawatsatira mtunda wautali, akulira, mpaka anazilala. Nachisale analuma mlomo mpaka kulawa magazi. Mumtima ankangoti pepani mayi, pepani, abwerera amuna anu, ndingofika kumanda kokha.

Pamjigo wina amayi anali kutunga madzi. Atamuona anasiya kupopa. Sanayang'ane iye, anayang'ana fumbi limene linali kumbuyo kwake. Mmodzi anathamangira kumunda akukuwa dzina la mwamuna wake kuti abisale, koma anachedwa, chifukwa Nachisale anamva khasu likugwa m'mizere. Mapazi aja ankachulukirachulukira. Sankalankhula anthuwo, sankatsokomola n'komwe. Ankangong'ung'udza nyimbo yopanda mawu, yotsika kwambiri, ya anthu otopa amene akudziwa kuti kumene akupita n'kutali.

Nthambi nayo inkalemera. Anaisinthira kudzanja lamanzere, n'kuibwezanso kulamanja, kenako anaikumbatira ndi manja onse ngati mwana wodwala.

"Limbani mtima, bambo a Yotamu," ankanong'ona. "Uwu ndi munda wa a Chikhosi, mwaukumbukira? Uko ndi kudambo kumene munkadyetsa mbuzi muli mwana. Tatsala pang'ono."

Akamatchula malowo kunjenjemera kwa nthambi kunkachepa, ndipo iye ankadziwa kuti mwamuna wake akumva, akuona, akukondwa.

Dzuwa lili pafupi kulowa anafika pachitunda chotsikira kumtsinje wa Chisenjere. Tsidya lake ndiye kwa Chimkoka. Anaona madenga, utsi, mbuzi zikulowa m'khola. Kuseri kwa nyumba zomalizira anaona nsonga za mitengo ya kumanda. Njira yopita kumeneko imadutsa pakati penipeni pa mudzi, koma si patali, munthu akhoza kufika asanamalize kukazinga chimanga.

Tsidya la mtsinje anthu anali atasonkhana kumudikira, monga mwa mwambo. Amayi anakhala pansi chakumtunda. Kutsogolo, m'mphepete mwa madzi, kunaima a Kamtedza ndi ndodo yawo, Yotamu ndi Layisoni pambali pawo, ndi amuna ena a m'mudzimo kumbuyo. Yotamu atamuona mayi ake anakweza dzanja mokondwa.

Nachisale anatsetsereka mpaka pamadzi. Mwezi umenewo Chisenjere amakhala wofika m'maondo basi. Anaponda mwendo umodzi m'madzi.

"Bambo a Yotamu, tikuwoloka mtsinje womaliza."

Kumbuyo kwake ziboda zinaima. Mapazi onse aja anaima, nyimbo n'kuduka. Pakhosi pake anamva mpweya, wozizira ngati chitsulo cha m'mawa, ukutuluka ndi kulowa.

Dzanja la Yotamu linali likadali m'mwamba, koma silinkabayibitsanso. Linapindika pang'onopang'ono n'kukagwira pamwamba pa mutu, pamene panalibe kanthu. Linzake linakweranso. Khosi lake linawuma, msana n'kupindika ngati wasenzetsedwa thumba la mchere. Layisoni anachita chimodzimodzi. Amuna onse aja, mmodzimmodzi, anakweza manja kugwira katundu wosaoneka. A Kamtedza anataya ndodo.

Kenako analowa m'madzi.

Amayi tsidya lija anaimirira n'kuyamba kukuwa. Mkazi wa Layisoni anathamanga n'kugwira malaya a mwamuna wake, koma anakokedwa mpaka kugwa m'matope, malaya n'kung'ambika. Amunawo ankabwera mumzere, madzi akuwagunda m'miyendo, a Kamtedza akukoka mwendo wawo wopuwala popanda kudandaula. Yotamu anali patsogolo. Anafika pamene panali mayi ake, pafupi moti akanatha kumugwira, ndipo Nachisale anamuyang'ana m'maso. Munalibe munthu m'masomo. Anamudutsa ngati akudutsa chitsa, phewa lake n'kukhudza masamba a msolo.

Apa m'pamene Nachisale anamvetsa kuti kumanda sakafika. Kavalo anali asanaponde n'komwe m'mudzi, ndipo amuna anali atatha kale. Akati athamange kukagoneka nthambi, pobwera apeza ndani? Woperekezayo anali atapeza zimene ankazifuna kale lomwe, ndipo akanyamuka nawo yekha, osabwezedwa ndi munthu, sakanawasiya.

Layisoni anali kubwera, mapazi asanu okha. Mwana wake wotsiriza, amene anamubereka movutika chaka cha njala.

Anayang'ana mitengo ya kumanda ija. Inali pafupi, Mulungu wanga, inali pafupi! Anakweza nthambi n'kuiika patsaya.

"Bambo a Yotamu, mwawaona ana anu?" Mawu anatuluka osweka. "Ndinakulonjezani kuti tifika. Ndayesetsa, mwaona nokha. Mundikhululukire."

Nthambi ija, imene inanjenjemera ulendo wonse, inakhala bata. Kenako, pang'ono chabe, anamva ikukoka, osati kulowera kumudzi, koma kumbuyo. Munthu wofatsa uja anali atavomera kale, monga ankavomerera zonse.

Nachisale anatembenuka.

Zimene anaona sanazisimbe bwinobwino kwa munthu aliyense. Dzuwa linali lofiira, lili m'maso mwake, ndipo fumbi linali lisanakhazikike. Ankangoti chinali chachitali, chobiriwira ngati ndere, ndipo chinkatseka theka la thambo. Nkhope sanaione, pakuti mkazi woleredwa bwino sayang'ana mkulu kumaso. Anaona ziboda zinayi zitazama m'matope, ndi mzere wa amuna kumbuyo kwake wofika mpaka pachitunda. Ena anali anyamata a kabaza aja ndi bambo wa makala. Ena, chakumapeto, anali ovala nsanza za mtundu umene anthu anasiya kuvala kalekale, ndipo kuwala kwa dzuwa kunkawapyoza.

Anagwada m'madzi momwemo, nthambi ataipana m'khwapa, n'kuwomba m'manja katatu.

"Zikomo bwana. Mwatiperekeza mokwanira. Bwererani pano."

Kunali zii. Ngakhale achule analeka. Mpweya wozizira uja unamuwomba pamphumi kamodzi, kawiri, ndipo iye anatseka maso podikira chilichonse chimene chingabwere.

Kenako matope analira, chiboda chikuzuka. China. Chinthu cholemera chinatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyamba kukwera chitunda, di, di, di. Mapazi ochepa okha ndi amene anachitsata, opepuka ngati masamba ouma. M'khwapa mwa Nachisale kufunda kuja kunayamba kuchoka, kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde, monga mmene dzanja la munthu limachokera m'dzanja lako basi ikanyamuka. Pamene ankatsegula maso, anali atapana kanthambi wamba, kofota, kopepuka ngati udzu.

Pachitunda paja amuna anayamba kutsitsa manja n'kumayang'anana. Wina anafunsa kuti njinga yanga ili kuti. Bambo wa makala anatula thumba lake n'kukhala pansi, akulira ngati mwana osadziwa chimene akulirira. A Kamtedza anali chiimire pakati pa mtsinje, akuyang'ana thalauza lawo lonyowa.

"Ndafika bwanji muno ine? Ndodo yanga ili kuti?"

Amayi tsidya lija anali ataona zonse, kutembenuka, kugwada ndi kuwomba m'manja, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Mmodzi anayamba kulira chapansipansi, anzake n'kulandira.

Yotamu anatsika chitunda akusisita khosi, n'kupeza mayi ake ali chigwadire m'madzi. Anawagwira mkono n'kuwadzutsa. Anayang'ana kanthambi kaja, n'kuyang'ana nkhope yawo, ndipo anafunsa monong'ona, poopa kuti mwina lamulo likadalipo.

"Amayi, mwabwera nawo abambo?"

Nachisale anamugwira mwana wakeyo kumaso ndi manja onse awiri, n'kumuyang'anitsitsa mpaka atatsimikiza kuti m'maso muja mwabwerera munthu. Anaitana Layisoni n'kumugwiranso chimodzimodzi. Kanthambi kaja kanagwera m'madzi, ndipo palibe anakatola.

"Anafika mpaka pamtsinje pano, ana anga," anatero. "Mudzi anauona."